Mnyamata Amene Anachezera M'munda wa Maungu

Madzulo a pa 27 Okutobala 1966, mabanja ambiri a ku America anasonkhana kutsogolo kwa wailesi zawo za kanema kuti aonere katuni ya mphindi 25 imene kampani ya CBS inkaulutsa koyamba. Dzina lake linali It's the Great Pumpkin, Charlie Brown. Nkhani yake ndi yaifupi moti munthu angathe kuifotokoza chimanga chisanapse pamoto. Mnyamata wina wamng'ono, dzina lake Linus, akulekana ndi anzake amene akupita kokasangalala, iye n'kukakhala m'munda wa maungu usiku wonse, kudikira mlendo amene sakubwera.

Papita zaka zoposa 50 kuchokera usiku umenewo. Ana amene anaionera koyamba tsopano ndi agogo, koma mwezi wa Okutobala ukafika amaifunabe kuti aionere pamodzi ndi zidzukulu zawo. Chodabwitsa n'chakuti m'katuniyi palibe amene akupambana. Wodikira sakulandira chimene amadikira, wopempha akupatsidwa miyala, ndipo wokonda mnzake akubwerako chimanjamanja. Nanga n'chifukwa chiyani anthu sakutopa nayo?

Mwambo wa maungu ndi maswiti

Halloween ndi usiku wa pa 31 Okutobala, tsiku lotsatizana ndi la Oyera Mtima Onse limene mipingo ina imakumbukira pa 1 Novembala. Mwambowu unafika ku America ndi anthu ochokera ku Ireland ndi Scotland m'zaka za m'ma 1800. Kwawoko inali nyengo yomaliza kukolola ndi kulowa m'chisanu, ndipo anthu ankagoba mizu ya mbewu yotchedwa turnip, n'kuikamo moto kuti iziwala usiku. Atafika ku America anapeza maungu, amene ndi aakulu komanso osavuta kugoba. Kuyambira pamenepo dzungu logobedwa maso, mphuno ndi mano, kandulo ikuyaka m'kati, linasanduka chizindikiro cha usikuwo. Ana amavala zigoba ndi nsalu zoopsezera, n'kumayenda khomo ndi khomo atanyamula matumba, eni nyumba n'kumawaponyeramo maswiti.

Dzungu ndi mbewu ya komweko. Akatswiri ofukula zakale anapeza nthanga zake m'phanga lina ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, zosonyeza kuti anthu anayamba kulima mbewu za mtunduwu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Eni nthaka a ku America ankalibzala m'munda umodzi ndi chimanga ndi nyemba: nyemba zinkayanga pa mapesi ndi kuwonjezera chonde m'nthaka, pamene masamba a maungu ankaphimba dothi kuti lisaume msanga ndiponso kuti udzu usamere. Monga chimanga, maungu anaoloka nyanja kudzafika mu Africa zitayamba zombo za Azungu kuyenda pakati pa makontinenti awiriwa. N'chifukwa chake mlimi wa ku Dedza, Chipata kapena Angónia angauzindikire msanga munda umene uli m'katuniyi, ngakhale nyengo n'zosiyana. Kumeneko Okutobala ndi mwezi wokolola, masamba a mitengo akuyoyoka ndipo usiku ukuzizira. Kum'mwera kwa Africa ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, pamene anthu akugalauza mizere ndi kuyang'ana kumwamba. Chingamudabwitse mlimiyo n'chakuti maungu ambiri a Halloween sadyedwa. Amawalimira kugoba basi, ndipo mwambo ukatha amawataya.

Wojambula wodziwa kulephera

Ana a m'katuniyi anachokera m'cholembera cha Charles M. Schulz, amene anabadwa mu 1922 ku Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota. Bambo ake anali ometa tsitsi. Ali kusekondale anapereka zojambula zake kuti zilowe m'buku la pachaka la sukuluyo, koma anazikana. Mayi ake anamwalira ndi khansa mu Febuluwale 1943, masiku omwe iye ankanyamuka kupita ku usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atabwerako anapitiriza kujambula, ndipo pa 2 Okutobala 1950 timakatuni take totchedwa Peanuts tinayamba kutuluka m'nyuzipepala 7 zokha. Patapita zaka tinafika m'nyuzipepala zoposa 2,600 za m'mayiko 75. Anajambula timakatuni pafupifupi 18,000 ndi dzanja lake, wopanda womuthandiza, mpaka anamwalira pa 12 Febuluwale 2000. Kotsiriza kanatuluka m'mawa wa tsiku lotsatira.

Munthu ameneyu analemera ndi kutchuka, koma sanaiwale mmene kukanidwa kumawawira. Charlie Brown, mnyamata wa mutu wozungulira wokhala ngati wadazi, ndiye amasenza zowawazo: timu yake imagonja nthawi zonse, kaiti yake imakodwa mumtengo, ndipo kalata imene amayembekezera sifika. Mnzake wapamtima ndi Linus, mwana woganiza mozama kuposa msinkhu wake, koma wosasiyana ndi kabulangete kake ngakhale poyenda masana. Linus ali ndi mlongo wake wamkulu, Lucy, mtsikana wamkamwa ndi wolamula. Charlie Brown nayenso ali ndi mlongo wake wamng'ono, Sally, amene mtima wake wonse uli pa Linus. Palinso galu wotchedwa Snoopy, wokonda kugona padenga la khola lake n'kumalota ali maso.

Katuni ya pa kanema inapangidwa ndi anthu atatu ogwirizana: Schulz analemba nkhani, Lee Mendelson anayendetsa ntchito yonse, ndipo Bill Melendez, wobadwira ku Mexico amene anagwirapo ntchito ku kampani ya Disney, anatsogolera ojambula. Nyimbo zake za jazi anapeka ndi Vince Guaraldi, woimba piyano wa ku San Francisco. Gulu lomweli linali litapanga kale A Charlie Brown Christmas mu Disembala 1965. Chimodzi mwa zimene anaumirira chinali chakuti mawu a ana aziyankhulidwa ndi ana enieni, osati akuluakulu oyerekeza. Ena mwa anawo anali asanadziwe bwino kuwerenga, choncho ankawauza mawuwo pang'onopang'ono, iwo n'kumabwereza. N'chifukwa chake mayankhulidwe a m'katuniyi amamveka odukizadukiza, monga momwe mwana amayankhulira akamafotokoza nkhani yaikulu kuposa iye.

Kalata yopita kwa Chidzungu

Linus amakhulupirira kuti usiku wa Halloween Chidzungu chachikulu chimadzuka m'munda wa maungu, n'kuuluka mumlengalenga ndi thumba la zidole zogawira ana abwino a padziko lonse. Sichidzuka m'munda wina uliwonse ayi. Chimasankha munda umene chaona kuti ndi woona mtima kuposa yonse, mopanda chinyengo ngakhale pang'ono. Palibe wamkulu amene anamuuza zimenezi. Ganizoli linayamba kuoneka mu Peanuts mu Okutobala 1959, ndipo Schulz anafotokozapo kuti inali nthabwala pa nkhani ya Santa Claus: mwanayo anasokoneza zikondwerero ziwiri, n'kuyembekezera pa Halloween zimene anzake amayembekezera pa Khirisimasi.

Chaka chilichonse Linus amachilembera kalata Chidzungucho. Pamene akulemba, anzake akubwera mmodzimmodzi kudzamuseka. Snoopy akuseka mpaka kugubuduzika. Lucy akupsa mtima kuti mlongo wake akumuchititsa manyazi m'dera lonse. Linus sakubwerera m'mbuyo. Akungonena kuti waphunzira kusakangana ndi anthu pa zinthu zitatu, chipembedzo, ndale ndi Chidzungu, kenaka akupita kukaponya kalata yake.

Chisanafike chochitika cha usikuwo, katuniyi ikuonetsa kaye lonjezo lina. Lucy wagwira mpira pansi ndipo akuitana Charlie Brown kuti athamange adzaumenye. Mnyamatayo akudziwa bwino kuti nthawi zonse Lucy amauchotsa mpirawo phazi lisanaukhudze, choncho akukana. Koma ulendo uno mtsikanayo akutulutsa chikalata chosainidwa, cholonjeza kuti sauchotsa. Charlie Brown akuchiyang'ana, akuona kuti pepala lokhala ndi siginecha silinganame, ndipo akuthamanga ndi mphamvu zake zonse. Mpira ukuchotsedwa, iye akuuluka n'kugwa chagada. Lucy akumuuza modekha kuti chikalatacho chinalibe chidindo cha wa malamulo. Ana amaseka kugwako. Wamkulu aliyense amene anasungapo pepala la lonjezo m'thumba la pulasitiki, n'kudzauzidwa pa tsiku lofunika kuti pakusowa chidindo chimodzi, amaseka mosiyana.

Malonjezo awiriwa si ofanana. Charlie Brown wanyengedwa ndi munthu amene akumuona ndi maso, wodziwa chimene akuchita. Linus sananyengedwe ndi wina aliyense. Lonjezo lake analiumba yekha mumtima, ndipo loterolo ndi lovuta kulisiya, chifukwa palibe munthu womuloza chala zinthu zikakanika.

Mwala m'thumba

Kunja kutada, ana akuvala nsalu zoyera zoboola maso awiri kuti aoneke ngati mizukwa. Charlie Brown wavutika ndi sizasi, nsalu yake yadzaza mabowo paliponse. Gulu likudutsa pamunda paja kukamufunsa Linus komaliza ngati apite nawo. Iye akukana. Sally, amene aka kanali koyamba kuti ayende nawo m'makomo, akuyang'ana anzake, akuyang'ana Linus, kenaka akutsala m'munda.

Pa khomo lililonse ana akutsegula matumba awo, ndipo akachoka akuima kuti aone zimene alandira. Wina wapeza maswiti, wina chingamu, wina ndalama. Charlie Brown akuyang'ana m'thumba mwake n'kupezamo mwala. Pa khomo lachiwiri, mwala. Pa lachitatu, mwalanso. Sakulira, sakutukwana, akungonena chimene wapeza ndi mawu otsika. Mendelson anadzasimba pambuyo pake kuti iye anaona ngati nkhanzazo zanyanya, koma anzake awiri aja anamuposa mawu.

M'katuni yonseyi simuoneka nkhope ya munthu wamkulu. Amene akuponya miyala m'thumba la mwanayo sadziwika, ndipo chifukwa chake sichinenedwa. Palibe chimene walakwa koposa kuboola nsalu molakwika. Mwina apa ndi pamene pali choonadi chowawa kwambiri cha nkhaniyi: pa mzere umodzi, pa khomo limodzi, kuchokera m'dzanja limodzi, ena amalandira chokoma, wina n'kulandira mwala, ndipo wogawayo sabwera poyera kudzafotokoza.

Chimene chinachitika katuniyi itaulutsidwa ndi mbali ya mbiri yake. Schulz anasimba kuti maphukusi a maswiti anayamba kufika kuchokera m'madera osiyanasiyana, olembedwa kuti ndi a Charlie Brown. Anatumiza ndi anthu, ambiri mwa iwo ana, amene anakanika kupirira kuona mnzawo akubwerera kunyumba ndi miyala. Ankadziwa kuti mnyamatayo ndi wojambulidwa ndi inki, koma mtima sunawalole kungokhala. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo oonerawo anaukwaniritsa mwambiwo pa mwana wa papepala.

Pali china chimene chimadutsa mofulumira moti ambiri sachiona. Pa khomo lina Lucy, yemwe uja anakalipira mlongo wake masana, akupempha siwiti ina yapadera. Akuti ndi ya mlongo wake wopusa amene wakhala m'munda wa maungu. Akunena monyinyirika, mwamanyazi, koma akupemphabe.

Mthunzi pakati pa maungu

Pamene izi zikuchitika, Snoopy ali pa ulendo wakewake. Wavala chipewa ndi magalasi a woyendetsa ndege, wakwera padenga la khola lake, ndipo m'maganizo mwake kholalo ndi ndege yankhondo ya mtundu wa Sopwith Camel. Akumenyana ndi Red Baron, dzina limene ankamutcha Manfred von Richthofen, woyendetsa ndege wa ku Germany amene anagwetsa ndege 80 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asanaphedwe mu 1918. Ndege ya Snoopy ikuwomberedwa, ndipo iye akukwawa usiku kudutsa m'minda imene akuiona ngati ya ku France. Kwa mphindi zingapo palibe mawu, koma thambo lofiirira, mitengo yopanda masamba ndi chitoliro cholira chapansipansi. Galuyo akufika pa phwando la ana, akuvina nyimbo za asilikali zimene Schroeder akuimba pa piyano, ndipo nyimbo zikasanduka zachisoni akulira mokweza, n'kutuluka mwamanyazi. Naye ali ndi dziko lake losaoneka, monga Linus, koma kusiyana kwake n'kwakuti iye saitanira wina aliyense kuti adzataye usiku wake m'dzikolo.

M'munda muja mwezi wakwera. Sally wayamba kudandaula. Mwadzidzidzi pakumveka mtswatswa, ndipo mthunzi wakuda ukudzuka pang'onopang'ono pakati pa maungu. Linus akufuula kuti Chidzungu chafika, kenaka akukomoka. Atatsitsimuka akufunsa kuti chasiya chiyani. Sally akumuuza kuti anali galu.

Mkwiyo wa Sally ndi wachilungamo, ndipo katuniyi sikuupeputsa. Halloween imabwera kamodzi pa chaka. Anzake adya maswiti, asewera, avina, iye wakhala pa dothi lozizira chifukwa chokhulupirira mawu a munthu amene amamukonda. Akumugwira Linus pamalaya, akumugwedeza, akufuna kuti amubwezere zimene wataya. Linus sananame, chifukwa zimene ananena amazikhulupirira ndi mtima wonse. Komabe kuona mtima kwa wotsogolera sikubweza chimene wotsatira wataya. Amene amaitana anzake kuti adikire naye amasenza ngongole, ngakhale cholinga chake chikhale choyera chotani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo Sally anasiya wake chifukwa cha wa pamphepo.

Anzake akubwera kudzamutenga Sally. Pamene akuchoka, Linus akuwafuulira kuti Chidzungu chikabwera adzawanenera zabwino, koma m'kufulumira kwake akutchula mawu akuti "ngati". Nthawi yomweyo akudzigwira pakamwa ndi mantha. Waonetsa kukayika, ndipo kukayika kamodzi kokha n'kokwanira kuti Chidzungu chiulambalale munda wake. Apa ndi pamene nthabwala ikufika pa fupa. Lonjezo likalephera, mnyamatayo sakufunsa ngati linali loona. Akudziimba yekha mlandu. M'maganizo otere mulibe khomo lotulukira: chikabwera ndiye kuti anakhulupirira bwino, chikapanda kubwera ndiye kuti cholakwa ndi chake.

Mlimi amadziwa kudikira kuposa munthu wina aliyense, koma kudikira kwake n'kwina. Amadikira mvula mizere atapanga kale, mbewu ili m'nyumba, ndipo mvula imene akuidikirayo inagwapo chaka chatha ndi zaka zonse za makolo ake. Linus akudikira chinthu chimene palibe anachionapo, m'munda wodzaza ndi maungu enieni amene sakuwayang'ana n'komwe. Ngakhale zili choncho, n'kovuta kumunyoza. Mwa ana onse a m'nkhaniyi ndi iye yekha amene akufuna chinthu choposa thumba lake, mphatso za ana onse a padziko, ndipo ndi iye yekha amene walolera kusekedwa chifukwa cha chimene amakhulupirira.

4 koloko m'bandakucha

Wotchi ikulira. Lucy akudzuka, akusuzumira m'chipinda cha mlongo wake n'kupeza bedi lili lokhalokha. Akuvala chikhoti pamwamba pa zovala zogonera, akutuluka mumdima. Akumupeza Linus atagona pansi pakati pa maungu, atadzikulunga ndi kabulangete kaja, akunjenjemera ndi chisanu. Akumudzutsa, akumutsogolera kunyumba ali m'tulo, akumuvula nsapato, akumufunditsa, kenaka akutuluka.

Pa zonsezi Lucy sakuyankhula liwu ndi limodzi lomwe. Mtsikana amene pakamwa pake sipatsekeka, amene masana ananeneratu kuti zidzatha chonchi, ali ndi mpata wonse womukumbutsa mlongo wake kuti anamuchenjeza, koma sakutero. Nkhope yake ndi yokwinyabe, ndipo mawa adzayambiranso kumulalatira. Palibenso amene akumuona kuti amuyamikire, ngakhale Linus weniweniyo ali m'tulo. Chibale ndi fupa, sichiola. 

Chidzungu sichinabwere, koma wina anabwera. Anabwera wapansi, wochokera m'nyumba yomweyo, wopanda thumba la zidole, wokwiya, ndipo ndi iyeyo amene anamuchotsa mwanayo pachisanu. Aliyense amene anagwirapo ntchito pakati pa anthu amawadziwa anthu a mtundu wa Lucy. Savomereza maloto a anzawo, amatsutsa pamsonkhano mosapsatira, koma zinthu zikavuta ndi iwo amene amayamba kufika pakhomo, ndipo sadikira kuti wolakwayo avomere kaye kulakwa kwake.

Kutacha, Charlie Brown ndi Linus atsamira pa khoma la njerwa. Charlie Brown akufuna kumutonthoza mnzakeyo, ndipo akumuuza kuti asadandaule, naye anachitapo zopusa zambiri pa moyo wake. Mawu akuti zopusa akumubaya Linus. Akudzuka ndi ukali, akukweza manja, akulumbira kuti chaka chamawa adzapeza munda woona mtima koposa, adzakhalamo, ndipo onse adzaona. Mayina a opanga katuni akuyamba kuyenda pa kanema iye akadafuulabe, Charlie Brown atagwira tsaya.

CBS inaulutsa katuniyi chaka ndi chaka mpaka 2000. Kuyambira 2001 mpaka 2019 inkaoneka pa ABC. Mu 2020 kampani ya Apple inatenga ufulu woionetsa pa intaneti kudzera pa Apple TV+, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera mu 1966 mwezi wa Okutobala unadutsa isanaoneke pa kanema wamba. Anthu ambiri anadandaula poyera, ponena kuti chinthu chimene banja lililonse, lolemera ndi losauka, linkaonera usiku umodzi mwaulere chatsekeredwa kuseri kwa malipiro. Mu 2021 inaonekanso kamodzi pa kanema wa PBS. Madandaulowo anasonyeza kuti anthu sankangofuna nkhaniyo yokha, imene ambiri anailoweza kale pamtima. Ankafuna kukhala pamodzi pa nthawi imodzi, agogo, makolo ndi ana, kudikira limodzi ndi mnyamata uja ngakhale onse akudziwa mmene zithere.

Mwana woonera koyamba amayembekezera kuti mwina mthunzi uja ndi Chidzungu. Akakula pang'ono amaseka miyala ya Charlie Brown ndi ndege ya Snoopy. Akafika pokhala ndi ana ake, atadikirapo zinthu zimene sizinabwere ndiponso atadikiritsapo ena, maso ake amapita pa mtsikana wokwiya uja amene akuvala chikhoti 4 koloko m'bandakucha, kupita kumunda kukatenga mlongo wake.